Mphunzitsi wa Kusambira Amene Anaima pa Mlatho

Mu mzinda wa Leeuwarden, ukanafunsa anthu khumi a zaka zapakati kuti anawaphunzitsa kusambira ndani, oposa theka akanakutchulira dzina limodzi: Aphunzitsi Douwe. Dzina la makolo ake linali Bouma, koma limenelo ankalidziwa ndi wobweretsa makalata yekha. Kwa zaka makumi atatu ndi zinayi Douwe anaima m'mphepete mwa dziwe losambira la kumpoto kwa mzindawo, kabudula woyera, wezulo m'khosi, ngowe yaitali m'manja, akukalipira ana a eni kuti atseke pakamwa ndi kuponda madzi ngati chule.

Iye anabadwira m'bwato. Bambo ake ankanyamula mbatatesi ndi mchenga m'ngalande za ku Friesland, ndipo banja lonse linkagona m'kachipinda kakumbuyo, pafupi ndi injini. Mkuluyo, monga anzake ambiri a m'mabwato nthawi imeneyo, sankadziwa kusambira, ndipo madzi ankawaopa koopsa. N'chifukwa chake Douwe atakwanitsa zaka zinayi, bambo akewo anam'manga chingwe m'chiuno n'kumuponya m'ngalande, iwo atagwira nsonga inayo. Akamira ankamukoka, akapuma pang'ono ankamuponyanso. Mayi ake ankatseka chitseko kuti asamve kulira. Pofika nyengo yotentha yotsatira, mwanayo ankalowa pansi pa bwato n'kukatulukira mbali inayo, tsitsi lili ndere zokhazokha.

Chingwecho sanachitengere kuntchito, koma ukali anautenga. Mwana sankalandira satifiketi kwa iye asanasambire atavala malaya, buluku ndi nsapato, ndiponso asanatole chidole cholemera pansi penipeni pa dziwe. Mayi akabwera kudzadandaula kuti mwana wake akulota madzi, Douwe ankamuyankha mosanyengerera.

“Mayi, dziko lino madzi ali kuseri kwa nyumba iliyonse. Bola mwana wanu alire lero pamaso panga, kusiyana n'kuti mudzalire ndinu mawa.”

Kalasi iliyonse isanatsanzike, ankaikhazika m'mphepete mwa dziwe, ana akunjenjemera m'matawulo, n'kuiuza mawu omwewo chaka ndi chaka. Ankati munthu womira sakuwa, za m'mafilimu zija n'zabodza. Amangokhala choimirira m'madzi, mutu chagada, manja akupondereza madzi ngati akufuna kukwera khoma. “Ukaona zimenezo,” ankatero, “usayang'ane mnzako. Lowa.”

Ndipo iye ankalowadi. Ana amene anawavuula m'dziwemo sankawawerenga. Chaka china galimoto inatsetserekera m'ngalande ya m'mbali mwa msewu wopita ku Harlingen, iye akudutsa panjinga. Anaswa galasi ndi mwala n'kutulutsa mayi amene anali mkatimo. Meya anam'patsa mendulo, ndipo mkazi wake Aukje, amene ankagwira ntchito yochapa zovala kunyumba yosungira okalamba, anaipachika m'khonde pafupi ndi pokoleka majasi. Anali ndi mwana mmodzi, Femke, amene atakula anakakhala ku Utrecht.

Douwe anapuma pantchito ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zinayi. Madokotala anamuikira bondo lachitsulo, koma katatu pamlungu ankapitabe kudziwe m'mamawa n'kusambira mpaka achinyamata kumusiya momwemo. Lachisanu lililonse ankapita kumsika kukagula nsomba yokazinga kwa mnzake Sietse, amene anakhala naye benchi imodzi kusukulu. Ngolo ya Sietse yokazingiramo nsomba inkaima kumapeto kwa mlatho wina wa pakati pa mzinda.

Lachisanu limene tikunenali linali la mwezi wa Epulo. Dzuwa linali litawala koyamba patatha miyezi ya mitambo, ndipo anthu anali mbwee panja, ena pamipando ya m'malesitilanti, ena atatsamira zitsulo za mlatho, nkhope zili kumwamba. Nthawi inali itangopitirira pang'ono khumi ndi ziwiri.

“Mdala, bondo lachitsulo lija silinachite dzimbiri?” anafunsa Sietse akuvuula nsomba m'mafuta.

“Likuyenda kuposa mutu wako. Nsombayi ndi ya lero, kapena ndi ya mlungu watha ija waiotchanso?”

“Ungodya. Ndi mano ako atatuwo ungasiyanitse chiyani?”

Douwe analandira nsomba yake m'kambale kapepala, n'kukwera pamlatho kukadyera padzuwa. Anali atavala chipewa chofiira chaubweya chimene Aukje anamulukira.

Ali pomwepo anaona bambo wina akubwera panjinga m'mphepete mwa ngalande, pamene palibe mpanda. Anali munthu wathupi, wa jasi lakuda lofufuma, chikwama cha zogula chitapachikidwa pachiwongolero. Mwadzidzidzi thupi lake linauma, mutu unapotokera kumbali, njinga inakhota yokha, ndipo munthu ndi njinga yomwe anagwera m'madzi, khuvu.

Wina anaseka. Pamalo amenewo ana asukulu zapamwamba ankakonda kudziponya m'madzi akamaliza mayeso, ndipo oledzera ankagweramo kawirikawiri n'kutuluka okha akutukwana. Anthu anathamangira kuzitsulo za mlatho kuti aone bwino. Jasi lija linali litadzaza mpweya, moti munthuyo ankayandama.

“Ameneyu wayamba msanga kumwa,” anatero bambo wina wonyamula maluwa.

“Angoimirira. Madzi a pano amalekeza m'chifuwa,” anayankha mnzake.

Douwe ankadziwa kuti zimenezo si zoona. M'mbali munali mosaya, koma pakati panali pakuya, ndipo pansi pake panali thope lomeza mwendo mpaka m'bondo. Anaona kugwedezeka kuja kukutha, munthuyo akutsegula maso osadziwa pamene ali. Anaona mutu ukupita chagada, pakamwa pakulowa ndi kutuluka m'madzi, manja akupondereza madzi m'mbali. Sanakuwe. Zonse zinali monga momwe Douwe ankaphunzitsira, palibe chinasowapo.

Pambuyo pake, kwa zaka zambiri, anayesa kulondola zimene zinayenda m'mutu mwake panthawiyo, ndipo zinali zinthu zazing'ono zochititsa manyazi. M'munsi mwa mlatho, pafupi kwambiri ndi madzi, panali mnyamata wamtali wamapewa aakulu amene ankavula jekete. Douwe anati mumtima, uyo akulowa, ndipo ali pafupi kuposa ine. Koma mnyamatayo ankangomva kutentha. Anakoleka jeketeyo paphewa n'kutulutsa foni. Patsidya panali bwato la alendo litamangidwa, mwini wake ali momwemo, ndodo yaitali ili pambali pake. Douwe anati, uyo amutambasulira ndodo. Mwini bwatoyo ankayang'ana gulu la pamlatho. Mayi wina pambali pa Douwe ankalankhula pafoni mofulumira, ndipo Douwe anati ambulansi yaitanidwa. Atatchera khutu anamva akuti, “Ayi, chemwali, ndikunena zoona, munthu wagwera m'madzi pompano.”

Panalinso china chimene chinam'tengera nthawi yaitali kuti achivomere. Anadziona yekha, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi ziwiri, akudziponya kuchokera pamlatho pamaso pa msika wonse, kenako woledzera uja n'kuimirira m'madzi akuseka, gulu lonse n'kufa nacho chikhakhali. Anthu onsewa ali phee, anaganiza choncho, ndiye kuti pali chimene akudziwa chimene ine sindikuchiona. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere. Aliyense ankayang'ana mnzake ndi nkhope yosasonyeza kanthu. Ngakhale kambale ka nsomba sanakaike pansi.

Mpweya unatha m'jasi muja. Nkhope ya munthuyo inatsika pang'onopang'ono, maso ali pamlatho, kenako panangotsala chipewa chake chikuzungulira pamadzi. Ndiye onse anayamba kulankhula nthawi imodzi, wina akuti itanani apolisi, wina akuti bweretsani chingwe, koma tiyenitiyeni sachoka.

Amene anachoka anali mayi wina wometa tsitsi, yemwe anatuluka m'shopu mwake atamva phokoso, lumo lili m'thumba la epuloni. Iye sanaone chiyambi chake, ndipo sanayang'ane nkhope ya munthu. Anangofunsa kuti kwagwanji, atauzidwa kuti muli munthu m'madzimo, anavula nsapato n'kulumphira. Anafufuza malo olakwika, akuvuuka ndi kumira, akulira ndi kuzizira.

Apo mpamene miyendo ya Douwe inamasuka. Anatsika pamlatho, analowa m'madzi, ndipo ulendo woyamba womwewo anam'peza munthuyo, pakuti anali ataonetsetsa pamene anamirira. Anam'zula m'thope, anam'kokera kumtunda, ndipo tsopano manja anali ambirimbiri om'landira. Anam'psinya pachifuwa ndi kumuuzira mpweya mpaka ambulansi inafika. Mtima unayambanso kugunda, koma mutu unali utakhala nthawi yaitali wopanda mpweya. Munthuyo anamwalira m'chipatala dzuwa lisanalowe. Dzina lake anali Ignacy Wolak, wa zaka makumi asanu ndi chimodzi, wochokera ku Poland. Ankathyola tsabola m'nyumba zagalasi zolimamo mbewu za kumudzi wina wa kumadzulo kwa mzinda, ndipo sanali ataledzera. Anali ndi khunyu.

Douwe anafika kunyumba atafunda bulangeti la a ambulansi. Aukje anamuvula zonyowazo, anamuthira madzi otentha m'bafa, n'kumufunsa mmene zinakhalira.

“Ndinafika atamira kale,” anatero Douwe. Bodzalo linatuluka lokha, asanaliganizire.

M'mawa mwake nyuzi ya m'deralo inalemba kuti mphunzitsi wopuma wavuula munthu m'ngalande, khamu likungoonerera. Foni inalira tsiku lonse. Lamulungu masana kunabwera mayi wina wamfupi, wa maso otupa, atanyamula maluwa oyera. Anati dzina lake ndi Danuta, mkazi wa malemuyo. Chilankhulo cha dzikolo, Chidatchi, ankachilankhula modukizadukiza.

“Anthu ambiri, inu nokha mwalowa, ndi mayi uja,” anatero. “Zikomo, bambo. Mulungu akuonani.”

Anagwira dzanja la Douwe ndi manja onse awiri n'kulipsompsona. Douwe analandira maluwawo. Aukje anawaika m'botolo patebulo la kukhitchini.

Lolemba m'mawa, Douwe akuchokera kogula buledi, anapeza Aukje atakhala patebulo lomwelo, foni ili patsogolo pake.

“Bambo a Femke, khalani pansi. Mwana wanu watumiza ichi.”

Inali kanema yojambulidwa ndi foni kuchokera patsidya pa ngalande. Mwina anaijambula mlendo, sizinadziwike. M'munsi munkaoneka munthu wa jasi lakuda akulimbana ndi madzi, ndipo pamwamba pake panali mlatho wodzaza anthu. Nkhope zambiri sizinkaoneka bwino, koma pakati penipeni panali chipewa chofiira. Mwini chipewayo anali chilili, kambale m'manja. Aukje sanaimitse kanemayo. Inatha mphindi zinayi ndi kanthu, ndipo onse awiri anaionera mpaka kumapeto.

“Munandiuza kuti munafika atamira kale.”

“Ndinanama.”

“Bondo linakugwirani?”

“Ayi.”

“Munaopa kuzizira? Mtima unakuthamangani? Ndiuzeni chilichonse, bambo, ndichikhulupirira.”

“Panalibe chilichonse, Aukje. Ndinaona zonse, ndinadziwa zonse. Ndinkadikira wina.”

“Inuyo? Kudikira ndani, poti wina wakeyo ndinu?”

Aukje anaimirira, anatenga botolo la maluwa lija n'kukaliika panja kuseri kwa nyumba. Podutsa m'khonde anachotsanso mendulo ija pakhoma, ndipo Douwe sanafunse kumene anakaiika.

Pofika Lachitatu mzinda wonse unali utaionera pa intaneti. Pamlatho paja panali anthu oposa makumi anayi, koma amene anali ndi dzina anali mmodzi. Enawo anasungunuka. Aliyense amene ankavomera kuti anali kumsika tsikulo ankati anali kumbuyo, sankaona bwino. Pansi pa kanemayo anthu analemba mawu amene Femke anapempha makolo ake kuti asawerenge. Tsiku lina m'bokosi la makalata munapezeka satifiketi yakale yosambira, ya chaka cha 1991, yosainidwa ndi Douwe, itang'ambidwa pakati. M'sitolo, bambo wina wadazi amene Douwe anam'kumbukira ali kamwana koopa madzi anamuimitsa pakati pa mashelefu.

“Aphunzitsi, paja munkati chiyani? Usayang'ane mnzako, eti?”

“Ndinkatero.”

“Ana anga ndawaphunzitsa mawu amenewo. Tsopano ndiwauze kuti chiyani?”

“Uwauze omwewo. Ndi oona.”

Bamboyo anapukusa mutu n'kukankha ngolo yake ya zogula.

Apolisi anaitana Douwe, popeza lamulo limafuna kuti munthu athandize mnzake amene ali pangozi ngati iye mwini sangafe nazo. Wapolisi amene anam'funsa anali waulemu. Anati poona msinkhu wake, bondo lake ndi kuzizira kwa madzi a mu Epulo, palibe mlandu, ndipo akanati am'zenge iye akanayenera kuzenga msika wonse. Douwe anakwiya, zimene zinadabwitsa wapolisiyo.

“Madzi anali ozizira, inde. Koma ndinalowamo pambuyo pake, ndipo ndili pano. Musandilembere kuti sindikanatha.”

“Bambo, pitani kunyumba mukapume,” anatero wapolisiyo akutseka faelo.

Patapita milungu itatu Douwe anapita kwa Sietse, osati kumsika koma kunyumba kwake, n'kum'peza m'galaja akutsuka mapoto a mafuta. Ngolo ya Sietse sinaoneke m'kanema muja, ndipo palibe amene anam'tchula.

“Wabwera, mdala,” anatero Sietse osatukula mutu. “Ndimati ndikuimbire, koma ndimasowa poyambira.”

“Unaona iwe tsiku lija?”

“Ndinali ndi mafuta pamoto.”

“Sindinafunse za mafuta.”

Sietse anaika pansi burashi, anapukuta manja nthawi yaitali.

“Ndinaona. Kuyambira pamene anagwa. Ndinazimitsa moto, ndinavula epuloni, chingwe cha tenti ndinali nacho m'manja. Ukudziwa kusambira kwanga n'kwa galu, koma chingwe ndikanaponya.”

“Nanga?”

“Ndinayang'ana pamlatho, ndinaona chipewa chako. Ndinati, ngati Douwe waima, ndiye kuti palibe choopsa. Munthu uja akusewera. Ndinavalanso epuloni. Si ine ndekha. Mwini bwato uja wandiuza zomwezo. Ndi mayi wogulitsa tchizi. Theka la mlatho linkakudziwa, mdala. Tonse tinkayang'ana iwe.”

Douwe anakhala pa kreti ya mabotolo. Iye ankaganiza kuti mlandu wake unali wakuti sanalowe. Tsopano anamva kuti kuima kwake kunaimitsanso ena, kuti pamene iye ankawerenga nkhope za gulu, gulu linkawerenga yake, ndipo nkhope yakeyo inkawauza kuti zonse zili bwino.

“Ukananena,” anatero potsiriza. “Pamene amanditukwana, ukananena kuti nawe unalipo.”

“Ndili ndi bizinesi, Douwe. Adzukulu anga amaphunzira mumzinda muno.”

Ubwenzi wa zaka makumi asanu ndi limodzi sunathe ndi mkangano. Ankapatsanabe moni akakumana. Koma Douwe sanagulenso nsomba pangolo ija.

Kwa Danuta anapita mu Meyi, panjinga, ulendo wa ola limodzi mphepo ikumuomba kumaso. Mayiyo anali atabwerako ku Poland kumene anakaika mwamuna wake, ndipo anali atayambanso ntchito. Ankakhala m'nyumba zazitali za antchito kuseri kwa nyumba zagalasi, chipinda chimodzi, khitchini yogawana ndi mabanja ena. Atatsegula chitseko anamuyang'ana nthawi yaitali. Kanemayo anali ataionera. Sanam'patse mpando, choncho analankhula ali chiimire pakhomo.

“Mayi, ndinalandira maluwa anu ndi bodza. Ndabwera kudzanena zimenezo.”

“Ndikudziwa.” Anapinda manja pachifuwa. “Ndifunse. Muyankhe zoona, mwamva?”

“Funsani.”

“Anaitana? Anatchula dzina?”

“Ayi. Munthu womira sangathe kulankhula. Mpweya wonse umathera popuma.”

“Anadziwa? Khunyu ikam'gwira sadziwa kanthu. Mwina anapita osadziwa.”

Apa Douwe akanatha kumuchitira chifundo, koma anali atalonjeza.

“Poyamba sanadziwe. Kenako anatsitsimuka. Anatiyang'ana.”

Danuta anatseka maso. Anafotokoza, mawu akusakanikirana ndi a kwawo, kuti Ignacy ankabisa matendawo kuti asachotsedwe ntchito, kuti iye anamuletsa kangapo kuyenda panjinga m'mphepete mwa madzi, ndipo tsikulo anali atam'tuma yekha kukagula nyama ya Lamulungu. Kenako anafunsa funso limene linali litam'khala pakhosi.

“Mukanalowa msanga, akanakhala moyo? Dokotala akuti sitingadziwe. Abusa akuti sitingadziwe. Aliyense, sitingadziwe.”

“Ine ndikudziwa. Ndi ntchito yanga. Akanakhala moyo. Akanasanza madzi, akanagona kuchipatala tsiku limodzi, basi.”

Mayiyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wapatsidwa katundu wolemera koma wakedi.

“Chabwino. Inu nokha mwandiuza.” Anagwira chitseko. “Koma mwabwera kufuna chiyani? Ndinene kuti palibe kanthu? Ndilibe chokupatsani, bambo. Muzipita.”

Anatseka chitseko mosamenyetsa. Douwe anaima kanthawi pakhonde, akumva wailesi ya chipinda china, kenako anakwera njinga yake.

Chaka chonse chimenecho sanapite kudziwe. Anawonda, ndipo ankakhala pawindo kuyang'ana msewu. Aukje sanam'siye ndipo sanam'tukwane. Ankamuphikira, ankamukumbutsa mankhwala, koma nthabwala zimene zinkamveka m'nyumbamo kwa zaka makumi anayi zinaleka. Nthawi zina Douwe ankam'peza akumuyang'ana ngati akuyesa kukumbukira kumene anamuonapo. Femke anawapempha kuti asamukire ku Utrecht kumene palibe amene akuwadziwa. Douwe anakana. Anati sanabe kanthu koti athawe nako.

Chaka chotsatira anayesa chinthu chimodzi. Anapempha ola limodzi Lamulungu m'mawa padziwe laling'ono la kumudzi wina, ndipo anapachika mapepala m'sitolo ya zakudya za ku Poland ndi pamalo okwerera basi pafupi ndi nyumba zagalasi, olengeza kuti aphunzitsa akuluakulu kusambira kwaulere. Lamulungu loyamba kunabwera anthu asanu ndi awiri, amuna ndi akazi a manja okhakhala, akuchita manyazi ndi matupi awo. Sanawakalipire. Wezulo sanabwere naye. Koma anthuwo ankagwira ntchito masiku asanu ndi limodzi, ndipo Lamulungu ankafuna kugona ndi kuchapa. Anatsala atatu, kenako mmodzi, mayi wina wa ku Bulgaria amene anaphunzira kuyandama chagada ndi kudutsa dziwe kamodzi osapuma. Nyengo ya tsabola itatha mayiyo anabwerera kwawo, ndipo Douwe anakhala milungu iwiri m'mphepete mwa dziwe lopanda munthu, n'kubweza kiyi.

Mzinda unaiwala, monga mizinda imachitira. Panabuka nkhani zina, kanemayo inakwiririka. Ena anayambanso kumuitana kuti Aphunzitsi. Khonsolo inaika makwerero achitsulo ndi zingwe m'mbali mwa ngalande ija, ndipo pa tsiku lotsegulira sanam'itane, iyenso sanayembekezere. Ankayenda mumzinda tsiku lililonse, koma munthu akangokhala pansi m'mbali mwa msewu, kaya woledzera kaya womanga nsapato, Douwe ankapita kukam'gwira paphewa n'kufunsa ngati ali bwino. Ambiri ankadabwa, ena ankam'kalipira. Mnyamata wina anam'kankha mpaka kugwa n'kuthyoka dzanja. Aukje anati tsiku lina anthu adzam'pha, koma iye sanasiye.

Ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi anachita sitiroko, mbali yakumanja inafa, ndi mawu omwe anapita. Anakhala zaka ziwiri m'nyumba yosungira okalamba momwe Aukje ankachapa zovala kale. Aukje ankabwera masana aliwonse, kum'meta ndevu ndi kum'werengera nyuzi. Douwe anamwalira m'mwezi wa Novembala, mvula ikugwa.

Pamaliro holo inadzaza. Kunabwera anthu a imvi amene anali ana ake a m'dziwe, ndipo anayi mwa iwo analankhula. Anakamba za wezulo, za ngowe, za kusambira ndi nsapato, ndipo anthu anaseka pang'ono monga amachitira pamaliro a munthu wokalamba. Mayi uja wa m'galimoto anabwera pa njinga ya olumala, mwana wake n'kunena kuti popanda Douwe iye sakanabadwa. Za pamlatho palibe amene anazikhudza. Woyendetsa mwambo atati tsopano apite kukamwa khofi, Aukje anaimirira pamalo pake, atagwira mkono wa Femke. Sanapite kutsogolo.

“Mwalankhula bwino nonse, ndipo zonsezo n'zoona,” anatero. “Koma panalinso bambo wina, Ignacy Wolak. Amuna anga sakanafuna kuti tituluke muno osam'tchula. Ena mwa inu munalipo tsiku lija. Ndatha.”

Anakhala pansi. M'holomo anthu maso anali pansapato zawo. Kenako zitseko za chipinda china zinatsegulidwa, fungo la khofi linalowa, ndipo anthu anayamba kuimirira mmodzimmodzi. Sietse, amene anakhala kumbuyo kwenikweni, anatenga jasi lake n'kutuluka osamwa kanthu.